Seveni ya a Gilford

Vaileti anali pa mwezi woyesedwa ntchito pa kafe ya intaneti ya a Gilford ku Kawale, mu 2007. Ntchitoyo ankaifunitsitsa, poti anali atatha zaka ziwiri akuzungulira tauni ndi envulopu ya masatifiketi mpaka nsapato kuboola.

Tsiku lina anawafotokozera abwanawo kuti rauta, kabokosi kogawira intaneti kumakompyuta onse, ikhoza kumatumiza mameseji pafoni yawo pakachitika kanthu.

"Mameseji ake ali m'magulu, kuyambira ziro mpaka seveni," anatero Vaileti. "Ziro ndiye kuti zinthu zathina, seveni ndi miseche chabe. Ndikuikirani kuyambira ziro mpaka thuu, muzingomva zoopsa zokha."

A Gilford anakwinya nkhope. Munthu wa kafe yakeyake, msungichuma wa kumpingo, n'kupatsidwa thuu?

"Mwini malo ndine. Ndizimva zonse. Ikani seveni."

"Abwana, foni yanu sipuma."

"Achemwali, mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzandiphunzitsa?"

Vaileti anaika seveni. Munthu wa pa mwezi woyesedwa alibe pakamwa.

Rauta ija inamasuka ngati mlamu woledzera. Wina akalumikiza waya, meseji. Akasolola, meseji. Lachinayi a Gilford anali pamaliro ku Chinsapo, ndipo foni inalira kosalekeza m'thumba mwawo abusa ali pakati pa ulaliki, mpaka amayi a chigwirizano anatembenuka onse kuwayang'ana. Anaizimitsa ndi manyazi, osaiyatsanso.

Masana omwewo, Vaileti atatumidwa ku Old Town kukagula inki, fani yoziziritsa rauta inaima. Kabokosiko kanatumiza meseji yoti kakutentha, kenaka ina, kenaka kanapsa.

"Bwanji sikananene?" anakalipa a Gilford m'mawa mwake.

Vaileti anayatsa foni yawo n'kuyamba kutsika nayo. Anadutsa mameseji mazana atatu achabechabe, ndipo anapeza meseji yonena za kutentha ija pakati pake. Anawapatsa ndi manja awiri, mtima uli m'malo, poti umboni unali poyera.

A Gilford anawerenga kawiri, n'kuika foniyo m'thumba.

"Ndiye inu munkadziwa kuti zidzatere?"

"Eya, abwana. Ndinanena."

"Munanena kamodzi basi. Munthu wodziwa ntchito amakakamira." Anatambasula dzanja. "Ine sindingasunge munthu wongovomera zilizonse. Bweretsani makiyi."