Ofesi Yopanda Khomo

Matabuleti, timakompyuta tam'manja tija, atafika pasukulu ina yapulayimale kuseri kwa msika wa Thambani, udindo wowasamala unagwera Mayi Flossie Chimpeni, poti anali atangobwera kumene kuchokera ku Blantyre ndipo anzawo ankati zamakonozi amazidziwa ndi iwo. M'matabuletimo munali masewera omangamanga. Munthu umatenga timabokosi tonga njerwa n'kumanga chilichonse chimene mutu wakuuza, kaya mlatho, kaya khola la mbuzi.

Ana awo a Sitandade 6 ankavutika ndi masamu oyeza kukula kwa malo. Mayi Chimpeni akajambula pabolodi, ana ankangoti kukamwa yasa. Ndiye Lolemba lina anawagawa m'magulu.

"Lero mumanga sukulu yathu ino," anatero. "Kabokosi kamodzi ndi mita imodzi. Tengani zingwe zoyezera, mukayeze makoma panja."

Ana anabalalika ngati nkhuku zoona chimanga. Pobwerako, kalasi inasanduka msika. Uyu akuti mjigo uli kutali kwambiri, uyo akuti mtengo wa mango waubzala pakati pa bwalo la mpira. Phokosolo linafika kwa mphunzitsi wamkulu, a Zakeyu Malunga, ndipo anatulukira pakhomo nkhope ili gwa.

"Mayi Chimpeni, ino ndi kalasi kapena nyumba yoonetseramo kanema? Makolo akamva kuti ana akusewera nthawi ya masamu, ndikawayankha chiyani?"

Mayiwo anadzilimbitsa. "Ahedi, tangoonani kaye zimene apanga."

Esime, mtsikana amene pakamwa pake sipankatsekeka, anawapatsira tabuleti ndi manja awiri. A Malunga anavala magalasi. Sukulu yawo inali momwemo: makalasi, mbendera, ngakhale khitchini yophikiramo phala. Anayang'anitsitsa kanyumba kena kapakona.

"Iyi ndi ofesi yanga?"

"Eya, ahedi."

"Nanga khomo lili kuti? Ndizilowera padenga?"

"Pepani ahedi," Esime anayankha, "mbali ya khomoyo sitinayeze. Tinkaopa kuti mutifunsa chomwe tikufuna panja."

Kalasi yonse inafa nako kuseka. Mayi Chimpeni anabisa pakamwa ndi buku.

"Ndiboola ndekha," anatero a Malunga, akukhala pabenchi ya ana, mawondo ali m'mwamba. Koma chala chawo chinali chachikulu. Atadina kamodzi anaboola khoma lolakwika, atadinanso denga linatsala theka. Ana anawaunjirira.

"Ayi ahedi, kumanzere!"

"Mwagwetsanso zenera!"

Thukuta lili kamukamu, khomo linapezeka. Koma a Malunga sanakhutire. Anati ofesi yawo si yopanikizika chonchi ngati khola la nkhunda, anawa aiba malo.

Mayi Chimpeni anaona kuti mwayi ndi womwewu. "Ndiye ndi yaikulu bwanji, ahedi?"

A Malunga anatola chingwe choyezera. "Tiyeni nonse."

Anagwira okha nsonga ya chingwe, Esime akukoka mbali inayo. Ana ena anagwada pansi n'kumachulukitsa mulitali ndi mulifupi padothi ndi timitengo, osauzidwa ndi munthu. Mayi Chimpeni anangoima pambali, akuona masamu amene anawavutitsa mwezi wathunthu akuyenda okha pafumbi. Yankho litatuluka, linafanana ndendende ndi kanyumba ka m'tabuleti kaja.

A Malunga anaiyang'ana ofesi yawo ngati akuiona koyamba, kenaka anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zaka zonsezi ine ndimayesa ndimakhala m'chinyumba!"

Sabata yomweyo anavomera kuti masewerawo azichitika Lolemba lililonse, ndipo anapempha Mayi Chimpeni kuti aphunzitsenso aphunzitsi anzawo. Lachisanu pa nthawi yopuma, mayiwo anapeza tabuleti imodzi palibe. Anakaipeza kuofesi, a Malunga ataiweramira, tiyi wawo atazizira pambali.

"Musandisokoneze, mayi," anatero osadzutsa mutu. "Ndikuikako khonde."