Galimoto ya Mathew Itabwera Yakuda

Ezron anagwada pa chitseko cha kumbuyo kwa galimoto, nayamba kusisita ndi chala pamene anakandapo ndi msomali m'mawa uja. Panalibe kanthu. Chitseko chinali chakuda bii, chonyezimira, ndipo chimene anaona ndi nkhope yake yokha itapindika ngati ya m'supuni.

"Mulamu, bwelani muone," anaitana. "Apa ninakanda neka, anthu anaona. Manje chilonda chayenda kuti?"

Tryphena anadzuka pamphasa pamene anakhala ndi amayi a kumpingo. Mwamuna wake Mathew, mng'ono wa Ezron, anali ataikidwa m'manda dzana. Anaima chapatali, nayang'ana. Nayenso anaona mzere woyera uja m'mawa, dzuwa lisanakwere. Tsopano dzuwa linali paliwombo ndipo mzere unali utapita.

Galimotoyi anthu onse a ku Magodi ankaidziwa ili yoyera. Inkanyamula anthu, nkhuku ndi matumba a mtedza kupita ku boma la Lundazi, itatuwa ndi fumbi. Tsiku lina Mathew anati akukaikonzetsa ku Chipata, ndipo pobwera inali yakuda, yowala moti atambala ankamenyana ndi zithunzi zawo m'mbali mwake. Tryphena atafunsa, iye anangoti, "Uzaona." Sabata isanathe anagwa akumanga ng'ombe pa goli, osadzukanso.

Pamaliro sipasowa akatswiri. Ena anati munthuyo anadziwa za imfa yake, nadzikonzera yekha galimoto ya maliro. Ena ananong'ona za chuma cha mankhwala, ngakhale chuma chakecho palibe amene anachionapo. Ndiye poti chilonda chapola chokha pa chitsulo, ngakhale amayi a kumpingo anasuntha mphasa yawo. Ezron anagamula kuti mawa galimoto ichoke pakhomo, akaisende chikopa chakudacho, igulitsidwe kutali. Anawonjezera, maso ali pa mlamu wake, kuti mkazi sangagone nyumba imodzi ndi munthu osadziwa zimene akuchita.

Izi ndi zimene zinamulasa Tryphena. Za galimoto analibe nazo ntchito, mwina akanathandiza n'kuikankha. Chomwe chinkamusowetsa mtendere n'chakuti sankadziwadi. Anakhala ndi Mathew mpaka mwana wawo Sophia kukula n'kuyamba uphunzitsi, ndipo ankati akumudziwa ngati chikhatho chake. Lero anthu ankamufunsa za mwamuna wake, iye n'kukhala kukamwa yasa ngati mlendo. Ankaopa kuti galimoto ikachoka mawa, atsala ndi mwamuna amene anthu amupangira, osati amene anakhala naye.

Iye ndi galimotoyo anali pa udani wakale. Itangogulidwa, Mathew anamuphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira la kusukulu, ndipo zinkayenda. Koma pobwerera kunyumba Tryphena anakhula mbali yonse ya galimoto pa mtengo wa khola la ng'ombe. Mathew anakalipa pamaso pa ana ndi pa anthu odutsa, mawu oti mkazi wamkulu sangawaiwale. Tryphena anatsika, natseka chitseko mwaulemu, ndipo kuyambira pamenepo sanakhalenso kutsogolo. Ngakhale popita kutchalitchi ankakwera kumbuyo ngati wolipira. Mathew sanapepese. Pakamwa pake mawu amenewo sankatuluka, ngakhale ataponda mwana.

Madzulo kunafika Bornwell, mnzake wa malemu amene amayendetsa galimoto pa msewu wa Chipata, kudzapepesa maliro. Atapereka moni wa Chitumbuka kwa akuluakulu monga mwa mwambo, Ezron sanachedwe, anamukokera ku galimoto n'kumufotokozera za chilonda. Bornwell anafuna kuseka, koma anakumbukira pamene ali.

"Ni pulasitiki chabe, ba Ezron. Amamata pamwamba kuti penti isakandike. Penti yoyela ikalimo mukati. Mukakanda pang'ono, ikamva zuwa olo madzi otentha, imazitseka yeka."

Anafotokoza kuti iye ndi amene anaperekeza Mathew kwa omata aja. Pulasitiki yosaonetsa mtundu inali itatha, inatsala yakuda yokha, ndipo Mathew anati zilibe kanthu, bola ikhale yopola. Anthu anayang'anizana, ena mokhumudwa ndithu, poti nkhani ya mankhwala inali itakoma kale. Tryphena anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni. Koma Ezron anafunsa chimene aliyense akanafunsa: munthu wonyamula mbuzi pa misewu ya fumbi, penti yamuvuta chiyani pa ukalamba?

Bornwell anakanda m'mutu. Anati Mathew ankadandaula kuti mapazi akumutupa ndipo sayendetsanso nthawi yaitali. "Anakamba kuti kuli munthu wina azayamba kuyendetsa, koma amayopa kukanda motoka. Zina sananiuze."

Apa zinthu zinasokonekeranso kuposa poyamba. Ezron anaomba m'manja kamodzi, nati tsopano wamvetsa. Dzulo atafuna kusuntha galimoto kuti ikhale pamthunzi, analephera kulowa. Mpando unali utakokedwa kutsogolo mpaka mawondo ake anagunda chiwongolero, chonsecho Mathew anali wamtali kumuposa. Ndipo pampandopo panali pilo wokutidwa ndi chitenje cha mzimayi. Sanapitirize, koma aliyense anamaliza yekha mumtima. Mayi wina anatchula za kamtsikana kogulitsa nthochi pa siteshoni ya Lundazi, wina anati ayi, ndi wa ku Chikomeni. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma tsiku limenelo anapeza omumvera.

Tryphena anamva manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi, ndipo sanadziwe kuti akwiyire ndani. M'mawa mwamuna wake anali mfiti, masana anali munthu wamba, madzulo ano wasanduka wachiwerewere, ndipo mwini wake ali chete kumanda. Sophia anamugwira mkono kuti alowe m'nyumba, koma iye anauchotsa. Ngati panali mkazi wina, ankafuna aone yekha chitenje chake.

Anayenda mpaka pa chitseko cha woyendetsa, chimene sanachigwire kuyambira tsiku la khola lija. Chinali chotentha ndi dzuwa. Anatsegula.

Chitenjecho chinali chobiriwira, cha madontho a nkhanga. Chinali chake. Chinasowa pa chingwe mwezi wathawo, ndipo anakangana nacho ndi mkazi woyandikana naye nyumba, Mathew ali pomwepo akusenda mzimbe, osanena kanthu.

Anakhala pampando. Pilo anamukweza mpaka anaona bwinobwino kutsogolo, khola ndi mtengo wake uja. Anatambasula miyendo yake yaifupi, ndipo mapazi anafika pa zopondera popanda kudzikoka. Atakweza maso, kagalasi ka pamwamba kanali katapendekera pansi, kakumuonetsa njira ya kumbuyo ndendende. Apo anakumbukira m'mawa wa tsiku lomaliza, Mathew ataima pafupi ndi galimoto ndi nthambi ya minga m'manja, akumuuza kuti awiritse madzi abwere aone kanthu. Tryphena anayankha kuti ali ndi ntchito, madzi osamba awiritse yekha.

"Amama, n'chiyani?" anafunsa Sophia.

Tryphena anatsitsa galasi la chitseko. Kenako anatulutsa dzanja pawindo, chikhatho chili m'mwamba.

"Mulamu, nipatseni makiyi. Motoka siyenda kulikonse mawa."

Ezron anayang'ana mpando, nayang'ana miyendo ya mlamu wake. Anapisa m'thumba, natulutsa makiyi n'kuwaika m'dzanja la Tryphena.

Tryphena sanalize galimoto. Anangokhala momwemo, dzanja lina likufufuza m'mphepete mwa pilo. Msoko unali wokhotakhota, wa mipata ikuluikulu, wosokedwa ndi ulusi wosokera matumba a chimanga, ndipo kumapeto kwake kunali mfundo zolimba ngati zimene Mathew ankamangira ng'ombe.