Mkwatibwi pa Pantoni ya a Lackson

Amuna anga a Lackson anakhala zaka khumi ndi zinayi akuwolotsa magalimoto pa pantoni ya boma ku Shire. Atamanga mlatho kumeneko ntchito inatha, iwo n'kubwera kwathu kuno kufupi ndi Milepa kudzakhala chikamwini. Katundu amene anabwera naye anali wezulo wachitsulo wovala m'khosi, ndi nkhani zosatha za malole oyandama pamadzi. Mlongo wanga Vincent ankamvetsera nkhanizo akutsinzinira anzake. "Alamu, lole yodzaza thonje pamadzi? Kapena munkalawako kachasu musanayambe ntchito?" A Lackson mowa salawa n'komwe. Ankangomwetulira n'kumapitiriza kusema mpini, poti mkamwini sakweza mawu pamudzi pa eni.

Mvula ya 1997 inakokolola mlatho wathu wamitengo. Chigayo, tchalitchi, chipatala ndi msika zonse zinatsala tsidya lina, ife n'kumawoloka madzi a m'chifuwa, mgaiwa uli pamutu. Pamsonkhano wa komiti ya chitukuko anthu atatha mawu, ndinaona amuna anga akuimirira. Ndinazyolika, kuopa kuti ayambanso za malole zija. Koma iwo anatola kamtengo n'kujambula pansi: migolo makumi awiri ndi inayi, mizere inayi, matabwa a bulugamu pamwamba, chingwe chawaya kuchokera tsidya lino kukafika tsidya lina.

Poti panalibe wina wa nzeru ina, anthu anavomera. Mabanja anasonkha migolo ndi mitengo, amayi a kumpingo tinagulitsa nandolo kuti tigule misomali ndi phula, chingwe chinachokera ku bungwe lina la m'tauni. Tinagwirizana kuti munthu azipereka fifite tambala, wanjinga wani kwacha, odwala ndi amaliro ulere, ndipo ndalamazo zizigulira phula lomatira migolo. A Lackson anakana doko lakale, ati ndi losaya, pantoniyo izikakhula pamiyala, n'kusankha padziwe pamene madzi amayenda mwaulemu. Atamaliza anasanjapo matumba makumi anayi a mchenga, nalengeza kuti, "Iyi galimoto inyamula." Vincent anaseka mpaka kutsamwa.

Chaka chathunthu pantoniyo inanyamula anthu, njinga, mbuzi ndi madengu a matimati. Madalaivala ankafika pagombe, n'kuyang'ana migoloyo, n'kubwerera chafutambuyo. Komabe padoko panali thabwa lolembedwa ndi penti yofiira: M'GALIMOTO MUSATSALE MUNTHU. Anthu ankati ndi lamulo la galimoto ya kumaloto. Chifukwa cha thabwalo ndinkachidziwa ine ndekha. Anandiuza kamodzi kokha kuti ku Shire anaonapo galimoto ikutsetsereka n'kulowa m'madzi, mayi wina ali m'katimo, ndipo zitseko zinakana kutseguka.

Mwana wathu womaliza, Pililani, ndiye ankakhulupirira bambo ake ndi mtima wonse. Ankawathandiza kukoka chingwe Loweruka, mpaka manja ake anauma ngati a wolima ganyu. Atatomeredwa ndi Joshua, mnyamata wogwira ntchito m'sitolo ku Limbe, ananena poyera kuti, "Ababa, anzanga onse anafika pakhomo wapansi, velo ili fumbi lokhalokha. Ine ndidzafika pagalimoto, ndipo mudzaiwolotsa ndinu." Mudzi wonse unamva mawu amenewa, ndipo unayamba kudikira tsikulo kuposa mmene unkadikirira mpunga.

Ukwati unali mu Epulo 1998, madzi asanaphwe. Joshua anabwereka kagalimoto koyera kwa abwana ake, pamodzi ndi dalaivala amene anauzidwa kuti pofika folo koloko akhale ali ku Limbe. Titatuluka m'tchalitchi tinaperekeza galimotoyo ndi nyimbo mpaka padoko. A Lackson anali atatsogola kale, atavala jekete, wezulo uli pachifuwa. Anakweza dzanja, galimoto n'kuima.

"Onse atsike. Akweretsa ndi adalaivala okha, nawonso akakweretsa atsike."

Joshua anatsika. Pililani anakhala duu, maso pansi, monga anamulangizira. Kwathu kuno mkwatibwi akalowa m'galimoto sayankhula, saseka, ndipo satsika mpaka akafike pakhomo, akuchimuna amufupe. Pambali pake panali a Selestina, mlangizi wa kumpingo, mayi amene sanagonjepo pamkangano chibadwire.

"A Lackson, mwana satsikira panjira," anatero kudzera pawindo. "Akatsikira panjira, banja lakenso likhala lapanjira. Simukudziwa zimenezi, munthu wamkulu?"

"Ndikudziwa, mayi. Koma pantoni siyenda munthu ali m'galimoto."

"Ndi mwana wanu ameneyu!"

"N'chifukwa chake atsike."

Tinafunafuna amalume a Joshua kuti afupe pomwepo zithe, koma iwo anali atawoloka m'mawa ndi zofupa zonse, akutidikira pakhomo. Mwa abale a Joshua amene anali padoko, palibe amene anafuna kudumpha amalume. Dalaivala anayang'ana wotchi n'kunena kuti kuzungulira kumlatho wa kumsewu waukulu petulo sakwana, ndipo tikachedwa iye abwerera. Apo Vincent anapeza pokwerera. "Alamu, ingonenani chilungamo kuti migolo yanuyi singathe. Musabisale kuseri kwa thabwa."

Ine zinandikwana. Ndinawakokera pambali amuna anga n'kuwanong'oneza, "Bambo a Pili, lero lokha. Mwana wanu akatsika n'kuyenda wapansi anthu onsewa akuona, mudzamuyang'ana bwanji kumaso?" Ndinawaona akuyang'anitsitsa galimotoyo, ndipo mkwiyo wanga unathera pomwepo, m'malo mwake chisoni chinandigwira. Munthuyu anadikira galimoto chaka chathunthu, lero yafika itanyamula mwana wake yemwe.

Kenako anavula wezulo uja m'khosi. Zaka zonse za ukwati wathu sindinaloledwe ngakhale kuchapa kachingwe kake. Pogona ankauika pansi pa pilo, kutchalitchi unkakhala m'kati mwa malaya. Anapita pawindo, nagwada bondo limodzi pamchenga, jekete yobwereka ili pathupi.

"Mayi wanga," anatero kwa Pililani, "ine si wakuchimuna, ndipo m'thumba mulibe kanthu. Chimene ndili nacho n'chimenechi. Ndakufupa. Tsika, ndikuwolotse bwino."

Anauika m'manja mwake. A Selestina anayang'ana wezulo, anayang'ana bambo wogwadayo, n'kupukusa mutu. "Zaka zonse ndalangiza ana, sindinaonepo bambo akufupa mwana wake panjira. Koma chofupa n'chofupa. Atsike, koma fumbi asaponde."

Sindinadikire kuti abwereze. Ndinamasula chitenje changa cha yunifolomu ya ukwati n'kuchiyala pakhomo la galimoto. Amayi ena anamasulanso zawo, chimodzi kutsogolo kwa chinzake, mpaka pamatabwa. Pililani anatsika, nayenda pansalupo pang'onopang'ono, Joshua atamugwira pachigongono, misozi ikuonekera kuseri kwa velo.

Dalaivala anakweretsa galimoto thukuta lili kamukamu, chitseko chake atachisiya chotsegula. Matabwa analira, migolo inamira pang'ono ngati zala zinayi, n'kukhazikika. A Lackson anapinga matayala onse ndi zigogo zimene anasema chaka chapitacho, nauza dalaivala kuti atsike. Anatigawa, ena uku ena uku, kuti kulemera kufanane, otsalawo adikire ulendo wachiwiri. Anyamata anagwira chingwe. Kenako tonse tinangoima, chifukwa chiyambire pantoni imeneyi inali isananyamukepo wezulo usanalire.

A Lackson anapapasa pachifuwa, n'kukumbukira. "Woyendetsa ndi amene ali ndi wezulo," anatero, akuyang'ana kumbali.

Pililani anatembenukira kwa a Selestina. Mayiwo anakoka mpweya. "Ndinati asayankhule. Za wezulo sindinalangizepo."

Mwana wanga anakweza velo n'kuimba wezulo mwamphamvu mpaka mbalame zinabalalika m'mabango. Chingwe chinakungika, gombe n'kuyamba kutalikira. Nthungululu zinabuka tsidya lino ndi tsidya lina. Ine ndinagwira galasi la galimoto ndi manja awiri ngati ndingaiteteze, koma mtima unali mbee. Pakati pa dziwe ndinaona Vincent wasiya kugwiririra mtengo wa m'mbali, wagwira chingwe kumbuyo kwa alamu ake n'kumakoka nawo.

Tsidya lino Pililani analowanso m'galimoto podutsa pansalu, n'kukhalanso duu ngati sanachitepo kanthu. Anafika pakhomo pagalimoto monga ananenera, ana akuthamangira m'mbuyo, ndipo amalume a Joshua anavutika naye mpaka anakhuthula m'matumba asanatsike kachiwiri. Dalaivala anawolokanso bwinobwino, ndipo ayenera kuti anakafalitsa nkhaniyi, chifukwa mwezi usanathe ogula matimati anayamba kufika ndi mapikapu mpaka kudimba.

Kutacha pambuyo pa tsiku la ukwatilo, asananyamuke kupita ku Limbe, Pililani anagwada pakhonde n'kutambasula manja kuti abweze wezulo. Bambo ake anabisa manja kumbuyo.

"Chofupa sabweza, mayi. Ukaupachike pakhomo pako."

"Nanga pantoni muziyendetsa bwanji, ababa?"

"Pakamwa ndili napo."

Ndinaseka chamumtima, poti munthuyu zaka makumi awiri mawu ake sankafika ngakhale kukhola la mbuzi. Masana omwewo ndili m'munda wa nandolo, kutali ndithu ndi doko, ndinamva mawu akuchokera kumtsinje, aakulu, omveka mudzi wonse: "Onse atsike! Alamu, gwirani chingwe! Tiyeni!" Ndinaweramuka n'kuimika khasu kuti ndimvetsetse ngati analidi amuna anga. Anali iwowo, ndipo Vincent anayankha kuti, "Tagwira, alamu!"