Mano a Mayi wa Pawindo

Amayi ndinawapeza pakhonde, atawakhazika pamzere ndi nkhalamba zina, onse osamba, onse opesa. Tsiku la alendo nyumba ya okalambayo inkanunkhira sopo mpaka kugeti. Panali patapita nthawi ndisanabwere. Ntchito yosoka inandichulukira, ndipo achimwene, amene anawapezera malowo, ankangoti pafoni, "Usadandaule, akusamalidwa."

Atandiona anamwetulira, ine n'kuima chilili. Maso anali awo, chipsera cha pachipumi chinali chawo, koma pakamwapo panali pa munthu wina. Mano oikirira a amayi ndinkawadziwa bwino. Anali aang'onoang'ono, okhala ndi kampata kutsogolo, chifukwa anachita kumupempha dokotala kuti awasiyire kampata kamene malemu abambo anawakondera. Awa anali aatali, achikasu, otukula mlomo wam'mwamba.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera," anatero, manowo n'kugundana. Anaphimba pakamwa ndi dzanja.

Nditawagwira pamkono kuti tilowe m'chipinda, zala zanga zinakumana. Munthu anali atatha. Pakatebulo ka pambali pa bedi lawo panali mbale ya mpunga ndi nyama, ntchentche zikuchitapo msonkhano.

Mtsikana wosamalira okalamba anadutsa pakhomo atasenza nsalu zoyala.

"Achemwali, amayiwa sakudya?"

"Akukana okha, anti. Ukalamba umenewo. Ife sitiwamana." Anayankha akuyenda.

"Amati bodza lilibe mwendo, koma ilo likuyenda, lavala ndi yunifolomu yomwe," anatero agogo a pabedi lapakati. Anali onenepa, otupa miyendo, ndipo anzawo ankawatchula a Wailesi chifukwa chosatseka pakamwa. "Khala pansi, mwanawe, ndikuuze za kuno. Madzulo mtsikanayu amayenda ndi beseni limodzi, bedi ndi bedi. 'Lavulani, agogo! Lavulani!' Tonse timalavulira mano mommo, iye n'kuthira madzi. M'mawa akapisa dzanja, amene watola ndi ako. Ine tsiku lina ndinadya buledi ndi mano a bambo wina wosuta. Tsiku lonse ndinkangolakalaka ndudu, munthu woti sindinasutepo chibadwire!"

"Ndiye mumangokhala nawo?"

"Akachoka timasinthana tokha. Anga awa, ako awo, ngati ana. Tilinso ndi ntchito ina yanji?" Anaseka pang'ono, kenaka analeka. Analoza bedi la pawindo, lopanda nsalu, matilesi ake atawapinda pakati. "Koma mnzathu wa apo sanadikire nthawi yosinthana."

Amayi ndiwo anapitiriza, pang'onopang'ono, akugwirizira manowo ndi chala kuti asagwe. Mayi wa pawindoyo anali mnzawo. Ankapesana tsitsi, ankagawana mafuta odzola. M'mawa wa tsiku lake lomaliza mtsikana anamuveka mano a amayi, amayi n'kuwaveka a mayiyo, iye n'kupita mbali ya amuna kukasambitsa. Mayiyo anayamba kupempha madzi. Kapu inali pawindo pomwepo, koma dzanja lake silinkafikapo. Amayi sayenda opanda wowagwira, a Wailesi sadzuka n'komwe. Anaitana, anamenya supuni pachitsulo cha bedi, koma kunali zii. Dzuwa litafika pamiyendo pake, mayiyo analeka kupempha.

"Abale ake anabwera mothamanga, anamumanga chibwano, n'kumutenga. Anapita ndi anga. Ine ananditsalira ake." Amayi anameza malovu movutikira. "Ndikati nditafune, amandiluma. Ndikakhala chete amagundana okha, ngati pali mawu amene sanamalize. Ndiye ludzu, mwana wanga. Ndimwe chotani, kukhosi kumangoti gwa. Ludzu limeneli si langa."

Ndinawapempha kuti ayasamule. Manowo anatuluka movuta, ali ndi magazi. Nkhama zonse zinali zilonda.

"Osangowavula bwanji?"

"Tsiku la alendo wopanda mano samukhazika pakhonde," anatero a Wailesi. "Akuti amachititsa manyazi. Amamukankhira m'kamwa ndi chala chachikulu. Masiku enawa uvule usavule, nyama ndi yomweyo. Akuphwanyire ndani?"

Mtsikana uja ndinakamupeza kochapira, atawerama pa mulu wa nsalu zonunkha. Ndinapita ndi mawu ambiri, koma nditamuona pafupi ena anandithawa. Anali mwana, manja ake ong'ambikang'ambika ndi sopo.

"Mano amene ali ndi amayi anga ndi a munthu wakufa."

"Anti, mbali yonseyi ndili ndekha. Uyu wadziipitsira, uyu wagwa, uyu akulira mwana wake. Ndinapempha makapu kuti aliyense azikhala ndi yake, akuluakulu anati mano ndi mano." Anapukuta manja pa yunifolomu. "Koma musadandaule, otsala alipo ambiri. Asankhe okha."

Anakoka beseni pansi pa shelefu n'kunditsatira nalo kuchipinda. Ankachita zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo n'zimene zinandiopsa. Tsikulo nkhalamba iliyonse inali itavala mano, koma pansi pa madzi otuwawo panali padakali mulu, ena oyasamula, ena olumana.

Amayi anasuzumiramo nthawi yaitali.

"Awa ndi a bambo wosuta uja," anatero. Popanda mano mawu awo anali ofewa, koma anali awo. "Awa ndi a mayi amene ankaimba akamamusambitsa madzi ozizira. Awa obenthukawa ndi a aphunzitsi, amene anagwa kuchimbudzi n'kuwapeza masana."

"Onsewo anatsogola," a Wailesi anandiuza motsitsa mawu. "Ife timadyera a iwowo."

Mtsikanayo anayang'ana m'besenimo ngati akuliona koyamba. Kenaka anatambasula dzanja kuti atenge mano amene ndinali nditawaika pakatebulo.

"Ayi," anatero amayi. "Amenewo asalowenso mmenemo." Anatembenukira kwa ine. "Kawaike m'kapu yake ija. Uthire madzi, adzaze."

Kapuyo inali idakali pawindo, ili ndi fumbi ndi kangaude wakufa. Ndinaitsuka, ndinaikamo manowo, n'kuthira madzi mpaka kusefukira. Tonse tinangoti duu kuyang'ana timathovu tikukwera.

M'chikwama ndinali ndi nthochi. Ndinasenda imodzi, ndinaifinya ndi zala mpaka kufewa, n'kuika kachidutswa palilime lawo. Anakasunga m'kamwa, maso ali pawindo. Ndinadikira. Kukhosi kwawo sikunagwedezeke.

"Muno sindingameze," anatero.

Kwathu ndi chipinda chimodzi, ndipo theka lake ndi la makina osokera. Ndinaganiza za achimwene ndi zonena zawo, za makasitomala, za chimbudzi cha panja chimene timagwiritsa ntchito mabanja angapo. Ndikuganiza choncho, manja anga anali atayamba kale kupinda zovala zawo.

"Anti, simungawatenge akuluakulu asanavomereze."

"Mukawauze kuti mwana wawo wawatenga."

Sanatsutsenso. Nditagwada kutsogolo kwa bedi, iye ndiye anawanyamula amayi m'khwapa n'kuwaika kumsana kwanga, n'kundithandiza kumanga nsalu. Sankalemera kuposa mtolo wa zovala.

"Basi mwandisiya ndi bedi lopinda," anatero a Wailesi. "Ndizicheza ndi ndani? Pitani, anzanga, mukanenepe." Anandikoka siketi ndi zala ziwiri. "Iwe telala, ine ndilibe wobwera kudzandiona. Ukadzamva kuti ndapita, udzabwere asananditseke m'bokosi. Udzandiyang'ane m'kamwa. Anga ndi awa, limodzi lakumanzere n'lothyoka. Taona bwino."

Anayasamula, ndipo ine ndinawerama ndi amayi kumsana, n'kuyang'anitsitsa mpaka nditawadziwa.

"Ndawaona, agogo. Ndidzabwera. Ngakhale musanapite ndidzabwera."

"Onse amatero," anayankha, koma anandisiya siketi.

Tinadutsa pakhonde, nkhalamba zonse zikutiperekeza ndi maso. Palibe anafunsa kumene tinkapita. Kunja kwa geti dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo poimira basi panali patali. Amayi anatsamiritsa tsaya lawo paphewa langa. Ndinayenda ndikumvetsera mpweya wawo m'khosi mwanga, ndikuopa kuti mwina ndachedwa.

Titapitirira malo ogulitsira mafuta a galimoto, ndinamva chibwano chawo chikuyenda paphewa panga, pang'onopang'ono, ngati cha mwana. Ndinachepetsa liwiro. Anameza kanthochi kaja.

"Yatsala ina?" anafunsa.