Bambo Opanda Chibwibwi

"Awa si amuna anga," anatero mayi, akukankhira foni kumbali.

Mwana wawo wamwamuna, yemwe ntchito yake ndi yokonza mavidiyo a maukwati, anaitola foniyo. Mawu a mu foniyo anali a malemu bambo ake ndithu. Anawajambula yekha m'chipatala, akutsanzika banja lonse. Koma bambowo anali achibwibwi, moti uthenga womwe wina akanaumaliza madzi asanawire pa moto, iwo unawatengera masana onse. Ndiye mnyamatayo, pofuna kuwalemekeza pamaso pa achibale, anadula chibwibwi chonse, kupuma konse, ngakhale kugogoda kwawo pa bedi posaka liwu. Zotsalazo zinali zosalala ngati za wowerenga nkhani pa wailesi.

"Ndikufuna ndiwamve mmene ankayankhulira, ndisanaiwale," anatero mayi. "Bweretsa zoyamba zija."

"Ndinafufuta, amayi. Foni inadzaza."

"Kufufuta bambo kuti usunge maukwati a eni ake?" anatero mlongo wake wamkulu.

"Mumafuna anthu aziwaseka ngakhale atamwalira? Kusukulu ankandinyogodola ine, osati inu."

M'mawa mwake mnyamatayo anatenga foniyo n'kuzungulira mashopu a okonza mafoni. Wina anaitsegula, wina anailumikiza ku kompyuta, wina anangomuuza kuti madzi akatayika saoleka. Anaimbira azakhali, amalume, ngakhale nesi yemwe ankawasamala, kufunsa ngati alipo anasungako mawu a bambo. Panalibe. Munthu wachibwibwi sakonda kujambulidwa, ndipo iwo anavomera ulendo umenewo wokha chifukwa anadziwa kuti akupita. Mtima unamuwawa mnyamatayo kuposa tsiku la maliro.

Anabwerera kunyumba fumbi lili mbuu kumapazi, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wa mayi ake.

"Amayi, ndalephera. Ndikhululukireni."

Mayi anatenga foni ija n'kuyatsa uthengawo. Liwu linati, "Mkazi wanga," iwo n'kudina, liwu n'kuima. Anakhala duu, maso pa khoma, manja pa miyendo.

"Yazima kodi?" anafunsa mlongoyo, akutambasula dzanja.

"Isiye. Apa ndi pomwe ankavutikira. Bambo ako ankadana ndi munthu wowamalizira mawu."

Anadikira, osapupuluma, mpaka nthawi yomwe ankaidziwa iwo okha inakwana. Kenako anadinanso.