Kunyamuka Popanda Chulu

Njinga ndaphunzira ndili kale ndi mwana wa kusukulu. Kwathu inalipo, ya malemu bambo, koma ankakwera alongo anga okha. Ine ndikangogwira handulo, amayi ankati, "Siya iwe, ukathyoka mwendo adzakukwatira ndani?" Kaya miyendo ya alongo angayo inali yachitsulo. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umanyamuka.

Chomwe chinandikweza pachishalo ndi mwendo wa amuna anga, a Timoti. Akugwetsa bulugamu kuganyu, nkhwangwa inaterereka n'kuwatema m'munsi mwa bondo. Kuchipatala cha ku Mauwa anawasoka n'kuwauza kuti azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse kudzatsukitsa balalo mpaka litapola. Mng'ono wawo Geoffrey, yemwe amatchova kabaza, analonjeza kuti aziwanyamula. Poyamba ankabweradi. Kenako anayamba kupeza makasitomala a ku Namitambo, ife n'kumamudikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Bala linayamba kuchucha, njinga ya a Timoti ili pomwepo, yatsamira khoma, tcheni chikuchita dzimbiri.

"Mawa ndiyamba kukwera imeneyi," ndinatero.

"Mayi a Fiona, m'nyumba muno mwendo wovulala ulimo kale umodzi. Ukukwanira."

"Inu khalani pomwepo muzionerera."

Kuseri kwa nyumba yathu kuli chulu chachikulu chomwe mbuzi zinachisalaza mbali imodzi. Sukulu yanga inali imeneyo. Ndinkavala kabudula wampira wa a Timoti mkati mwa chitenje, kukankha njinga mpaka pamwamba, kukhala pachishalo, n'kusiya mabuleki. Njinga inkatsetsereka yokha, mapazi n'kumafunafuna mapedulo ili mkati moyenda. Ndagwera mu nandolo, ndagwera mu chinangwa, tsiku lina ndinalowa nayo m'khola la nkhuku za eni. A Timoti ankakhala pampando, mwendo atausanjika pa ndowa yovundikira, n'kumandikuwira kuti ndiziyang'ana kutsogolo, tayala silithawa.

Kugwa kutatha, kunatsala mphamvu. Ulendo woyamba kufika pamjigo ndinatsika ntchafu zikunjenjemera, chifuwa chikuotcha ngati ndameza khala. Ndinayamba kumangirira chigubu cha madzi pa keliyala. Chigubu chitapepuka, ndinatenga theka la thumba la chimanga kupita nalo kuchigayo, kenako thumba lathunthu. Masiku onsewo a Timoti ankapita kuchipatala ndi aliyense amene tamupempha, ndipo kupemphako kunkandiwawa kuposa zigongono zosupuka.

Koma ndisaname, ndinayamba kuzikonda. M'mawa nkhungu isanachoke paphiri la Chiradzulu, msewu umakhala wako wekha, mphepo ikulowa m'makutu, matayala akulira pa miyala. Mtunda womwe ndinkatsikira pakati ndinayamba kuumaliza nditaimirira pa mapedulo. Chakudya ndinkadya ngati wolima dimba. Mwana wathu Fiona anandigwira katumba tsiku lina n'kunena kuti amayi mwalimba ngati mbatata yaiwisi.

Chinthu chimodzi chokha chinandikanika: kunyamuka pamalo osatsetsereka. Ndikaima, ndinkakankha njinga mpaka nditapeza potsika. Kuno mitunda ndi yambiri, potsika sipasowa, choncho sindinkadandaula. Geoffrey ndiye anazindikira.

"Alamu, chulu chija muzichimangirira pa keliyala. Mukaima panjira chizikuthandizani."

"Iwe, foni yako ija inasiya kulira Lachiwiri?"

"Ine ndi wa bizinesi, alamu."

"Nanga m'bale wakoyu ndi katundu wotsala?"

Anaseka n'kunyamuka, belu likulira.

Tsiku lowanyamula a Timoti linafika. Ndinawakweza chulu pang'onopang'ono atagwira phewa langa, anakhala pa keliyala pomwe ndinapinda chitenje chakale, ndodo yawo atainyamula chopingasa.

"Mukandigwetsa, mukanene kuchipatala kuti ndi nkhwangwa yomwe ija," anatero.

"Chimanga sichiyankhula. Tengerani chitsanzo."

Tinatsetsereka. Munthu si thumba: amapuma, amatembenuka, amalonjera anthu. Handulo inagwedera kangapo, koma tisanafike pamjigo ndinali nditawazolowera. Amayi apamjigo anasiya kupopa. Wina anafunsa mokweza ngati a Timoti akukagulitsidwa kapena akubwezedwa kwawo. Ine ndinangoliza belu.

Tinayenda bwino mpaka kutsikira kukamlatho. Ndi pomwe ndinaona masamba aawisi atayalidwa chopingasa msewu.

Maliro.

Aliyense amadziwa. Ukaona masamba, umatsika panjinga, chipewa umavula, n'kuyenda wapansi mpaka utadutsa masamba ena a kutsogolo. Ndinafinya mabuleki. A Timoti anatsika okha, n'kuyamba kutsimphina ndi ndodo yawo. Azimayi anali pabwalo la siwa akuimba motsitsa, azibambo atandanda m'mbali mwa msewu pansi pa mitengo ya mango. Tikuyenda choncho, galimoto yoyera inatidutsa. Inangochepetsa liwiro, mwini wake ali khale, magalasi otseka, fumbi n'kutisiyira ife. Munthu wa bala ayende wapansi, wamiyendo yabwino adutse atakhala pa kushoni. Mawu anafika pakhosi, koma pamaliro sayankhulirapo zotere. Ndinawameza.

Vuto langa linali kutsogolo. Masamba achiwiri anali pomwe mtunda ukuyambira. Potsika panalibe, kupatula kubwerera kukamlatho, ndipo kumeneko ndi mkati mwa maliro. Mtundawo ndi wautali, a Timoti sakanaukwera ndi ndodo. Ena amathamangira njinga n'kudumphira pa keliyala ikuyenda, koma iwo ndi mwendo umenewo ayi. Anayenera kukhala kaye, ine ndinyamuke nawo njinga itaima.

Titadutsa masambawo, pakati pa azibambo paja panadzuka munthu. Anali Geoffrey, chipewa chili m'manja.

"Alamu," ananong'ona, "bweretsani ndiwafikitse ine. Pano palibe chulu."

Sankanyoza ulendo uno, ndipo chimenecho n'chimene chinandivuta. Ndikanamupatsa, palibe akanandiseka. Koma Lachisanu tikanakhalanso pakhonde kumudikira, ndi Lachiwiri linalo, bala likuchucha. Ndinayang'ana a Timoti. Iwo sanayang'ane mng'ono wawo n'komwe. Anakonza chitenje chija pa keliyala n'kukhala.

"Dalaivala wanga ndi uyu," anatero.

Ndinakhala pachishalo monga ndimachitira pachulu, ndinakankha pansi ndi zala za kumapazi, njinga inayenda pang'ono n'kupendama. Ndinaponda pansi msanga. Ndodo ya a Timoti inagwa.

Ndinadikira kuseka. Kumudzi kwathu mkazi akapendama ndi njinga, ngakhale nkhuku zimaseka. Koma kunali zii. Nyimbo yokha kusiwa kuja. Azibambo onse aja maso anali pa ine, koma pamaliro munthu sangayambe chikhakhali. Mwambo womwe unanditsitsa panjinga ndi womwenso unawatseka pakamwa. Nditazindikira zimenezo, mapewa anamasuka.

Geoffrey anatola ndodo ija n'kuwapatsa achimwene ake.

"Musakhale pachishalo," a Timoti anandiuza chapansipansi kumsana. "Kwezani pedulo lakumanja lifike m'mwamba. Muliponde ndi thupi lonse, ngati muja mumaimirira pamtunda wa kuchigayo."

"Bwanji simunandiuze kale?"

"Munkandifunsa? Munkati chimanga sichiyankhula."

Ndinakoka pedulo ndi chala chachikulu cha kuphazi mpaka linakwera. Ndinaikapo phazi, ndinayang'ana pamwamba pa mtunda pomwe pali mtengo wa mbawa, ndipo ndinaponda. Ndinapondera alongo anga, ndinapondera galimoto yoyera ija. Tcheni chinalira, tayala lakutsogolo linapita uku ndi uku, phazi lamanzere linapeza pedulo lake. Ndinapondanso. Miyendo yomwe inanyamula zigubu ndi matumba ija inagwira ntchito yake osandifunsa. Njinga inawongoka.

Sindinacheuke. Pakati pa mtunda mpweya unayamba kuchepa, thukuta likulowa m'maso, koma ndinkaudziwa ululu umenewo, ndinkadziwanso kuti supha. Pa mbawa paja msewu unagona, ndinakhala pachishalo, mphepo inandilandira.

"Mwaona?" ndinatero ndikupuma mwabefu.

"Ndaona msana wokha. Koma ndi msana wabwino."

Kuchipatala anamwino anati bala layamba kuuma m'mbali, asadumphitsenso masiku. Ndinawayankha ndine kuti sadumphitsa. Potuluka, pabwalo pake ndi pathyathyathya ngati mphasa. Ndinakweza pedulo, ndinaponda, tinanyamuka ulendo umodzi.

Pobwerera tinatsikanso pa masamba paja, ndipo ulendo uno tinapatuka kukapepesa. Njinga za azibambo zinali zitatsamira mtengo wa mango, ya Geoffrey ili pamapeto. Yathu ndinaitsamiritsa pa yakeyo. A Timoti anatsimphina kupita kwa amuna anzawo, ine ndinakonza chitenje kuti kabudula asaoneke, n'kukakhala pansi pamodzi ndi azimayi.

Mayi wina wachikulire kundiposa, a Samira, omwe amagulitsa tomato ku Namitambo, anasendera pafupi nyimbo ili mkati.

"Kodi chulu chanucho," anandinong'oneza, "chimakhala ndi anthu m'mawa?"

"Mbuzi zokha."

"Amuna anga njinga amaisiya Loweruka."

"Mubwere nayo. Muvale kabudula mkati."

Anagwedeza mutu, ndipo tonse tinalowa m'nyimbo.