Dothi la pa Mpira Wotsiriza

Ndinamugwira mkono Tsurumaki m'kanjira ka pansi pa bwalo, akupita kukavala. Anali womenya woopsa wa timu ya alendo, ndipo tinali titalimbana zaka zambiri m'masewera a besibo, ine kuponya mpira, iye kuumenya ndi chibonga. Atandiona anavula chipewa n'kuwerama.

"Akulu Oikawa, lero ndi tsiku lanu."

"Tsiku langa la chiyani, la maliro? Tamvera iwe, ukaima pajapa umenye zenizeni. Chisoni chako sindikuchifuna."

Anaseka mwamanyazi. Anati mwambo ndikuudziwa: woponya akamatsanzika masewerawa amamupatsa womenya mmodzi yekha, ndipo womenyayo amaphonya dala katatu kuti mdalayo atsike pa kachulu koponyerapo ali wopambana. Anati akangoyerekeza kuumenya, anthu a m'tauni muno amutukwana mpaka kusiteshoni. Ndinamuumiriza kuti alonjeze. Anangowerama kachiwiri, ine wopusa n'kuyesa kuti wavomera.

Phewa langa linali litatha kalekale. Madokotala analing'amba kawiri, ndipo m'mawa malaya ankandiveka ndi Fumie, mkazi wanga. Koma chimene chinkandidya mumtima sichinali ululu. Kunyumba kwathu kuli shelefu ya mipira, chifukwa woponya akapambana amamupatsa mpira wotsiriza wa tsikulo. Phewa litandikhazika pakhomo, ndinayamba kuiyang'anitsitsa. Uwu ndinaponya zamanyazi, koma anzanga anamenya bwino, chipambano n'kulembedwa pa dzina langa. Uwo ndinapulumuka chifukwa wina anadziwombetsa kumpanda powakha. Masiku amene ndinaponya bwino koposa, ambiri tinagonja, ndipo wogonja sapita ndi mpira kwawo. Nanga changachanga pamenepo n'chiti? Ndinkafuna kamodzi kokha kuima ndi munthu wofunadi kundigonjetsa, ndidziwe chimene chatsala m'dzanja langa. Kaya aumenye ukagwe kuseri kwa mpanda, bola zikhale zoona.

Masana amenewo kunali kamphepo kozizira ka mu Okutobala, bwalo lodzaza, anthu akuimba dzina langa. Hanamura, wowakha mipira yanga kuyambira unyamata, anabwera pa kachulu n'kundiikira mpira m'golovesi.

"Mdala, ingoufikitsani kwa ine basi. Zinazo tisiyireni."

Ndinamuthamangitsa ndi mawu oti sindingawabwereze.

Mpira woyamba unapita mwaulesi, pakatikati penipeni. Ngakhale mwana wa sekondale akanauthamangitsira kumitambo. Tsurumaki anazunguza chibonga chake pamwamba pa mpirawo, bwalo lonse n'kuphulika ndi chisangalalo. Ndinamuyang'ana, iye maso ali ku nsapato zake. Wachiwiri chimodzimodzi.

Apo ndiye mtima unandiwira. Ndinati chabwino, ngati sukufuna kumenya, ndikupatsa mpira woti ungauphonye ngakhale utafuna kuumenya. Ndinakweza mwendo ngati kale, n'kuponya ndi mphamvu zonse zimene ndinali nazo. M'phewa munamveka ngati nsalu yakutha ikung'ambika. Mpira unandipulumuka, unakagwa pansi kutali ndi womenya, n'kumadumphadumpha m'dothi. Tsurumaki anaudikira, anaudikira, ndipo utafika pamapazi ake anazunguza chibonga mwamphamvu mpaka chisoti chinagwa. Woimbira anakweza chibakera: watuluka.

Anthu anaimirira onse. Ena ankalira.

Maluwa anabweretsa ndi Tsurumaki yemweyo, monga mwambo umafunira. Dzanja lamanja linakana kudzuka, ndinalandira ndi lamanzere.

"Munali woopsa mpaka mapeto, akulu."

"Wandinamiza, mphwanga."

"Pepani," anatero chamunsi, misozi ili mbwembwembwe. "Mpira umene uja sindikanatha kuumenya anthu akuona. Ndikanakuvulani."

Ankanena zoona, ndipo ndinadana naye chifukwa cha zoonazo. Kenako anzanga anandinyamula n'kumandiponya m'mwamba. Nthawi iliyonse ndikagwera m'manja mwawo phewa linkandibaya mpaka m'mano, iwo n'kumayesa kuti ndikulira chimwemwe.

M'mawa mwake ndinapeza Fumie atagwada pafupi ndi shelefu, akupukuta mpira umene Hanamura anandilowetsera m'chikwama. Mbali imodzi unali ndi chipsera chofiirira pamene unakhula pansi. Anapukuta ndi kansalu konyowa, koma dothi linali litalowa m'chikopa. Anausiya, n'kuuika kumapeto kwa anzake, chipsera chija atachilozetsa kukhoma.

"Onani, bambo a Sayo, wakwana bwinobwino," anatero, n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mipira yonse inali mbuu, iliyonse ndi tsiku lake lolembedwa ndi dzanja la Fumie. Ndinatambasula dzanja lamanzere, n'kuutembenuza wotsirizawo kuti dothi liyang'ane m'nyumba.